Galasi la a Zuze Pansi pa Mlatho

Tinawaika m'manda a Zuze Loweruka, kumwamba kutada kale. Abusa ankapemphera, koma ine, Mulungu andikhululukire, maso anga anali pa mitambo imene inkaunjikana cha ku Mozambiki. Sindinkaganiza za mzimu wa malemuwo ayi. Ndinkaganiza za kagalasi kotalika ngati chala changa chapakati, kamene iwo anamata ndi simenti pansi pa mlatho umene ana a sukulu yathu amawolokerapo m'mawa uliwonse. Munthu amene ankakayang'ana kagalasiko ndi amene tinkamukwirirayo, ndipo mvula inali pafupi.

Ndimaphunzitsa fizikisi pa sekondale yoyendera ina kufupi ndi Thambani. Ana athu ambiri amachokera kutsidya kwa kamtsinje, ndipo njira yachidule ndi imodzi yokha: mlatho wakale wa konkire, wopapatiza, wokwana galimoto imodzi. Ukafuna kuulambalala uyenera kukwera mpaka kumtunda kumene madzi amachepa, ulendo wa maola awiri. Mwana amene wayenda maola awiri pamvula, mawa lake sabweranso. Ndawaona ambiri akusiya sukulu pa zifukwa zochepa kuposa zimenezi.

A Zuze anabwera pasukulu pathu osaitanidwa. Anali atapuma ntchito ya misewu n'kudzakhala kwawo kwa akazi awo. Analowa mu ofesi ya ahedi atavala jekete la olenji lofwifwa, m'manja muli ndodo yaitali yolembedwa manambala ofiira ndi akuda, imene anachita kuipendeketsa kuti ilowe pakhomo. Anati akufuna azicheza ndi ana Lachitatu masana, nthawi ya makalabu. Ahedi athu sadziwa kukana munthu wa imvi, ndiye anangowakankhira kwa ine. "Izi ndi za sayansi, madamu, ndi zanu." Ndinawalandira ndi nkhope imene ndimalandirira mwana wobwera mochedwa.

Ana anawapatsa dzina tsiku lomwelo: Ainjiniya. Iwo sanalivomere, komanso sanalikane. Ndinaziona zimenezi koma sindinaziganizire.

Choko sankachigwira. Ankakhala pa desiki yakutsogolo, ndodo ataitsamiritsa paphewa, n'kuyamba kusenda nachesi mosapupuluma kuti khoko lichoke lathunthu, kalasi yonse ikudikira. Akatha ndiye nkhani inkayamba, ndipo pafupifupi nkhani zawo zonse zinkayamba ndi chinthu chimene chavuta. Mudzi wina unamanga thanki ya madzi paphiri, koma mpopi womaliza unkangotulutsa mpweya. Chigayo china chinkadula lamba sabata iliyonse mpaka mwini wake anayamba kuganizira anthu. Msewu wina unkadyeka pa khona limodzi lomwelo chaka chilichonse. Ankafotokoza zonse: amayi amene ankadikira ndi zidebe, mkangano wa pa komiti, fungo la lamba wopsa. Nkhani ikafika pokoma, ankaima, n'kuloza mwana mmodzi ndi ndodo ija.

"Iwe ndiwe injiniya lero. Anthu akukudikira. Utani?"

Akatero ankatola makoko awo a nachesi n'kumapita kwawo. Mathero a nkhani ankabwera nawo Lachitatu linalo.

Sabata yonse ana ankakangana. Ankandiimitsa panjira kundifunsa chifukwa chimene madzi amafookera mu payipi yaitali, zinthu zimene ndinali nditawaphunzitsa kale iwo akuwodzera. Lachitatu likafika, a Zuze ankamva mayankho onse, olondola ndi opusa omwe, kenako n'kunena mmene vutolo linathera ndi mtundu wa munthu amene analithetsa: uyu anali injiniya wa madzi, uyu wa makina, uyu wa magetsi, uyu wa misewu ndi milatho. Ana athu asanamve nkhanizi ankayesa injiniya ndi munthu wokonza galimoto. Maloto awo ankathera ku malire a Mozambiki: kuyendetsa thiraki, kusintha ndalama, kapena kuthamanga ndi mapepala a katundu. Tsopano anayamba kufunsa kuti munthu akhoze maphunziro ati kuti adzafike pomanga thanki. A Zuze ankangondiloza ine ndi chibwano. Ankati masamu ndi fizikisi ali ndi mayi awa, iwo angobwera ndi ludzu.

Ankakonda kunena kuti injiniya ndi munthu amene amayamba kuchita mantha ena asanayambe. Ankanenanso kuti madzi alibe mkwiyo ndi munthu, amangofuna podutsa, ndiye ukawakaniza podutsa adzipezera okha. Iwowo mantha anali nawo ochuluka. Mlatho uliwonse, ngakhale kalavati yodutsamo madzi pansi pa msewu, sankaupitirira osatsikira pansi kukasuzumira. Akazi awo, a Nachisale, ankadandaula kuti mwamuna wawo sangapite kutchalitchi n'kubwerako buluku lili loyera.

Tinakanganapo kwambiri chaka china mayeso a Fomu 4 ali pafupi. Ndinali ndi mitu itatu yosamaliza, ndipo ndinafuna masana a Lachitatu.

"Madala, nthano zanuzi sizibwera pamayeso," ndinawauza pakhonde, ana akumva. "Mukuwadzaza ana mitu ndi milatho pomwe ena mwa iwo sadziwa n'komwe kugawa."

"Zoona, madamu," anatero. "Koma mwana amene sadziwa chimene akugawira, mumugawitsa mpaka liti?"

"Ine ndili ndi silabasi."

"Ine ndili ndi zaka zochepa."

Ndinawalanda Lachitatu ziwiri. Lachitatu lachitatulo ndinapeza theka la kalasi lathawa, lili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa zimbudzi, likumvera nkhani ya chigayo. Ndinakwiya, ndinapereka chibalo, koma sindinawalandenso.

Panali nkhani imodzi imene ankaibwereza chaka chilichonse kwa Fomu 3 yatsopano. Inali ya kalavati ina, kutali ndi kuno, pa msewu umene unkakonzedwa. Ainjiniya anali pamtunda, akuyang'ana m'makina awo oyezera. Wogwira ndodo anali pansi m'matope, chifukwa ndodo imaima pamene wauzidwa kuti iime. Ali pansipo, munthuyo anaona mng'alu pakhoma, madzi amatope akutulukamo pang'onopang'ono. Anafuna kunena, koma sabata yomweyo anali atakalipiridwa pagulu kuti ntchito yake ndi ndodo, osati pakamwa. Ndiye anakhala chete. Mvula itabwera, kalavati ija inatitimira ngolo ya bambo wina wopita kuchigayo ili pamwamba. Ng'ombe zinapulumuka, mwini wake ayi.

Nkhani imeneyi yokha inalibe funso kumapeto. Ana ankadzilankhulira okha. Ankamutukwana wogwira ndodo uja, wamantha, chitsiru, munthu wopha mnzake ndi manyazi. A Zuze ankangogwedeza mutu n'kumatola makoko awo.

Mng'alu wa mlatho wathu anaupeza iwo, mwa chizolowezi chawo chosuzumira chija. Lachitatu lina anandipempha chidutswa cha galasi la pawindo losweka la kalasi yathu, n'kutitsogolera tonse, ine ndi Fomu 3, mpaka pansi pa mlatho. Ndinali ndisanatsikeko chiyambire. Kunkanunkha mileme. Pakhoma lonyamula mlatho, mbali ya kusukulu, panali mng'alu wochokera pansi kukwera mopendekera, woti n'kulowa nsonga ya pensulo. Anakanda simenti pang'ono pa fosholo, anaika galasilo mopingasa pa mng'alu, n'kulimata mbali zonse ziwiri. Kenako analemba tsiku ndi msomali pa simenti yaiwisiyo.

"Iyi ndi mboni," anatero. "Mng'alu ukakhala wogona, galasi likhala. Ukayamba kuyenda, galasi lisweka. Khoma silinganame pamaso pa galasi."

Esnart, mtsikana wa kutsidya amene sankalankhula kawirikawiri m'kalasi mwanga, anafunsa: "Ndiye likasweka tidzatani, agogo?"

"Iwe ndiwe injiniya. Utani?"

Ana anaseka. Inenso ndinaseka, koma pobwerera ndinawoloka mlathowo mofulumira kuposa masiku onse.

Galasi loyamba linasweka mvula ya chaka chimenecho isanathe. Anamata lachiwiri, ndipo anandipempha kuti ndiwalembere kalata ya Chingerezi yopita ku boma. Ndinalemba, anasaina, inapita. Lachiwirilo linasweka mwezi wa June chaka chatha, kunja kuli gwa, popanda ndi dontho lomwe la mvula. Inali nyengo ya manachesi, pamene mapikiapu amatsika kuchokera kutsidya atadzaza mpaka matayala kubisika.

M'mawa wa tsiku la msika, mwana wina anathamangira ku sitafu kudzandiuza kuti Ainjiniya atseka mlatho. Ndinapita mothamanga. Ndinawapeza atakhala pa mwala waukulu umene anaugubuduzira pakamwa penipeni pa mlatho, ndodo yawo ataiimika, kumutu kwake atamangako kansalu kofiira. Oyenda pansi ndi a kabaza ankawalola kudutsa mmodzimmodzi. Kutsidya kunali mapikiapu atatu ndi ngolo ziwiri, ndipo patsogolo pa onse panali a Fanuwelo, dalaivala wodziwika kuno, munthu wa mawu aakulu. Ana athu anali ataunjikana m'mbali, belu atalinyalanyaza.

"Madala, tachokani pamenepo!" ankakuwa a Fanuwelo. "Katunduyu akudikiridwa ku Blantyre. Manachesi akawola mundilipira ndinu?"

"Tsitsani katundu, muwolotse pamutu, galimoto izungulire kumtunda," anatero a Zuze. "Khomali likuyenda, achimwene. Tiyeni nditsike nanu mukaone."

"Ndikaone botolo losweka? Mlatho uwu ndinayamba kuuwoloka ndili kondakitala!"

Anthu ena anaseka, ena anayamba kukuwa kuti mkuluyo anyamulidwe ndi mwala wake womwe. Ine ndinali nditaima pakati pa ana, osadziwa kuti ndiope chiti: galimoto kukwera pamlatho, kapena anthu kuwagwira madalawo. Ndivomere kuti sindinanene kanthu. Ndinali mphunzitsi wa boma, wobwera, ndipo ndinadziuza kuti nkhani za msewu si zanga.

Kenako a Fanuwelo anatembenukira kwa ana.

"Inu ana, mukuti awa ndi ainjiniya? Injiniya wa kuti? Amalume anga ankagwira nawo ntchito awa. Ankangogwira ndodo basi! Sitandade 6 sanamalize n'komwe. Muziwafunsa pepala!"

Ndinawayang'ana a Zuze. Ana onse anali atawayang'ana, akudikira kuti akane.

"Zoona," anatero a Zuze. "Sindine injiniya. Ndinagwira ndodo moyo wanga wonse. Dzinalo munandipatsa ndinu, ine ndinalikonda, ndiye ndinalakwa kusalikana." Anatembenukira kwa ana. "Munthu uja wa m'nkhani ya kalavati, amene mumamutukwana chaka chilichonse uja, ndine. Bambo wa ngolo uja ndinakamukumba nawo m'matope. Ndiye a Fanuwelo, ngati mukufuna kudutsa, dutsani pa ine. Kukhala chete ndinakhalapo kale."

Palibe anasekanso. A Fanuwelo anatukwana, anamenya chitseko cha galimoto, koma sanalize injini. Masana a tsikulo manachesi anawoloka pamutu m'madengu, ndipo mapikiapu anabwerera chafutambuyo kukazungulira.

Anakhala pa mwalapo masiku atatu, a Nachisale akuwabweretsera chakudya pomwepo. Lachitatu la sabata imeneyo sanabwere kusukulu. Ndinadziwa kuti akuopa nkhope za ana, ndipo kunena zoona inenso ndinkaopa chimene ana awachite, chifukwa ana a sekondale akamugwira munthu bodza samumvera chisoni. Belu la makalabu litalira, ndinapeza kalasi yopanda munthu. Ndinawatsatira mpaka ku mlatho. Anali atakhala pansi mozungulira mwala uja, Esnart atagwira nachesi m'manja.

"Agogo," ankatero, "nkhani ya thanki ija simunamalize."

Kuyambira tsiku limenelo kalasi ya Lachitatu inasamukira ku mlatho.

Injiniya weniweni anabwera tsiku lachinayi, kuchokera ku boma. Anali mayi wachitsikana wochokera kumpoto, a Nyirenda, atavala gambutsi. Sanafunse zambiri, anangotsikira pansi pa mlatho, n'kukhalako nthawi yaitali. A Zuze anali atavula chipewa, akuchipinda m'manja ngati mwana woitanidwa ku ofesi ya ahedi. A Nyirenda atatuluka, matope mpaka m'mawondo, anafunsa amene anamata magalasi aja.

"Ndine, bwana. Pepani ngati ndalowerera ntchito za eni."

"Mwalowerera bwino, bambo," anatero a Nyirenda. "Madzi akokolola pansi pa khoma. Pakanadutsa malole ena angapo, sindikudziwa."

Anagamula pomwepo anthu akumva. Magalimoto ndi ngolo zisadutsenso. Oyenda pansi adutse, bola galasi likhale lathunthu. Likasweka nthawi ya mvula, ngakhale mwana asapondepo mpaka iwo atabwera. Anati kukonza kwenikweni kudikira ndalama, ndipo sanatinamize kuti zibwera liti. Anauza anthu kuti aike miyala ikuluikulu mbali zonse ziwiri. Asananyamuke, atsikana anawazungulira n'kuwafunsa mafunso mpaka dalaivala wawo analiza hutala kawiri: anaphunzira kuti, masamu ankakhoza bwanji, kodi amuna akuntchito amawamvera? A Zuze anali ataima patali, akumwetulira ngati kuti mayiyo anamubereka ndiwo.

Galasi lachitatu anamata okha madzulo omwewo. Mvula yonse ya chaka chatha, m'mawa uliwonse ana asanayambe kuwoloka, ankatsika m'matope kukaliyang'ana, n'kukwera kudzakhala pa mwala wawo. Kansalu kofiira kakakhala m'thumba, ndiye kuti kuli bwino. Anawaphunzitsa ana kuwoloka mondondozana, mbali ya kumtunda, osathamanga. Ine ndinkagona tulo chifukwa ndinkadziwa kuti pali munthu amene akuchita mantha m'malo mwanga. Ndikunena izi ndi manyazi.

Chifuwa chinawayamba mvula itatha. Mwezi wa August anasiya kutsika pansi pa mlatho, mwezi wotsatira anasiya kufika pa mwala. Nditapita kukawaona ndinawapeza pamphasa pakhonde, ataonda, ndodo yawo ili pambali. Sanandifunse za sukulu. Anandifunsa ngati Esnart zotsatira zake za Fomu 4 zatuluka, ndinati tikudikira. Kenako anandigwira dzanja.

"Madamu, galasi lija musamaliyang'ane kuchokera pamwamba. Silioneka. Muzitsika."

Ndinati ndamva. Koma kunja kunali kouma, ndinali ndi makalasi, ndipo ndinkangoti nditsika mawa.

Mvula yoyamba yagwa dzulo, masiku anayi chiwaikireni m'manda. Yagwa yamphamvu, yamphepo, yosasula madenga. Lero m'mawa ndinavala nsapato zakale n'kupita ku mlatho dzuwa likungotuluka. Chimene ndinayamba kuona si madzi ayi. Miyala iwiri yotchinga inali itakankhidwira pambali, ndipo m'matope a pamlatho munali mapazi a matayala, atsopano, opita ndi obwerera. Sindikudziwa kuti anali a galimoto ya ndani, ndipo sindiloza munthu chala. Ndikungodziwa kuti a Zuze ali moyo, ngakhale atagona pamphasa, palibe anaikhudza miyalayo.

Ndinatsika. Ndinaterereka kawiri, madzi ofiira anandifika m'mawondo, fungo la mileme linali lomwe lija. Pakhoma panali zipsera zitatu za simenti, chilichonse ndi tsiku lake lolembedwa ndi msomali. Galasi lachitatu linali litasweka pakati, theka lina likulendewera. Mu mng'alu munkatuluka madzi amatope, pang'onopang'ono. Ndinalowetsamo chala, chinalowa chonse.

Ndinakwera chokwawa, ndinaimbira a Nyirenda foni, ndipo anati anyamuka. Ndikutseka foni ndinamva phokoso kutsidya. Ana anali akutsika chitunda, mayunifomu awo akuoneka m'minda yolimidwa kumene, ena atanyamula nsapato m'manja. Atayandikira anachita mzere okha, mbali ya kumtunda, monga anaphunzitsidwira, ndipo oyambirira, mwa chizolowezi, anayang'ana pa mwala paja kuti aone ngati kansalu kali m'thumba. Ndinalibe kansalu kofiira. Ndinavula mpango kumutu, ndinaukweza m'mwamba, ndinakuwa ndi mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo kuti aime pomwepo. Anaima. Ena atembenuka kuyamba ulendo wa maola awiri uja, ndipo sindikudziwa kuti ndi angati amene ndidzawaone mawa.

Ndakhala pano m'mawa wonse, nditaimirira. Miyendo yatopa koma pa mwalapo sindinakhalepo. Uli pomwe anaugubuduzira, pamwamba pake posalala ndi buluku lawo, pansi pake pali makoko a nachesi akale, ouma, amene mvula yawafewetsa. Kudzanja lamanja kwa mwalawo kuli kadzenje kakang'ono kamene kanakumbika ndi nsonga ya ndodo, pamene ankaiimika tsiku ndi tsiku. Lero kadzenjeko kadzaza madzi, ndipo tayala la galimoto ladutsa pafupi nako penipeni.